WhatsApp, Facebook, LinkedIn kapena envelopu ya khaki: wophunzira wa ku koleji asakire kuti ntchito?

Mwana wa achemwali anga atatsala ndi miyezi iwiri kuti alembe mayeso ake otsiriza ku koleji, anabwera kunyumba Loweruka lina n'kundipatsa foni yake. "Amalume, taonani. Ntchito zilipo mbwee, koma ine sandiitana." Anali m'magulu 14 a pa WhatsApp olengeza za ntchito, ndipo usiku uliwonse ankagona mochedwa, akutumiza CV kulikonse kumene waona adiresi ya imelo. Tinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga zolengezazo chimodzichimodzi. Ntchito imodzi yomweyo tinaipeza m'magulu 9. Zina zitatu tsiku lotsekera linali litadutsa kalekale. Ina inkafuna kuti atumize kaye ndalama pa foni kuti dzina lake lilowe pa mndandanda. Pa mulu wonsewo, ntchito zenizeni zogwirizana ndi maphunziro ake zinali ziwiri basi.

Sindikunena izi kuti muchoke pa masamba a mchezo. Kwa wophunzira wa ku UNIMA ku Zomba, wa ku MZUNI, wa ku Bunda kapena wa ku MUST uko ku Thyolo, kutali ndi maofesi a ku Capital Hill ndi a mu Victoria Avenue, foni yafupikitsa mtunda umene ife tinkauyenda pa basi. Koma tsamba lililonse lili ndi ntchito yakeyake. Pali pomvera, pali potsimikizira, pali poonekera, ndipo pali pomwe olemba ntchito amakusuzumirani inu osadziwa. Amene ndimawaona akuvutika kwambiri ndi amene akuyembekeza kuti tsamba limodzi liwachitire zonsezi.

WhatsApp: pomvera msanga

Ndiyambe ndi WhatsApp chifukwa ndi kumene aliyense ali. Bandulo yake ndi yotsika mtengo ku Airtel ndi ku TNM komwe, uthenga umadutsa ngakhale netiweki ikuvuta, ndipo gulu limodzi limatha kunyamula anthu 1,024. Pa liwiro palibe tsamba loiposa. Ntchito ikatuluka m'nyuzipepala m'mawa, pofika 9 koloko wina waijambula kale n'kuiponya pagulu.

Liwiro lomwelo ndilo limakupwetekani. Chilengezo chikafika kwa inu chili ndi kachizindikiro kaja kosonyeza kuti chatumizidwa kambirimbiri, ndiye kuti anthu ambiri achiona kale, ndipo kalata yanu ikukalowa m'mulu umene wosankha sangauwerenge modekha. Chachiwiri, chithunzi chikamayenda foni ndi foni chimataya gwero lake. Simudziwa anachilemba ndani, liti, komanso ngati wina sanasinthepo adiresi ya imelo pakati pa njira. Akamberembere amachita ndendende zimenezi: amatenga chizindikiro cha bungwe lodziwika kapena cha unduna wa boma, n'kuikapo imelo ya Gmail ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Mabungwe a United Nations amanena okha poyera kuti salipiritsa kalikonse pa gawo lililonse la kulemba anthu ntchito. Boma nalo likamalemba aphunzitsi, anamwino kapena makalaliki limadzera m'makomishoni ake, monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission ndi Health Service Commission, osati pa nambala ya munthu. Wina akangoti tumizani ya fomu, ya kupimidwa ku chipatala, ya yunifomu kapena yosungitsira malo a intavyu, akukuberani. Ndipo si ndalama zokha zimene amafuna. Chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika ndi cha masatifiketi anu angathe kukachigwiritsa ntchito m'dzina lanu inu muli kunyumba.

Nanga gulu lothandiza ndi liti? Kwa ine, gulu la anthu 40 amene anachita kosi yanu zaka zitatu kapena zisanu m'mbuyomu limaposa magulu khumi a anthu chikwi osadziwana. M'gulu laling'onolo munthu akaponya ntchito mumatha kumufunsa: "Achimwene, kumeneko mukugwirako ndinu? Akufuna munthu wotani kwenikweni? Kalata ndilembere ndani?" Iyenso amadziwa kuti akaponya bodza, dzina lake liipa pakati pa anzake amene ankadya nawo ku kafeteriya. Musatuluke pa geti ya koleji musanalowe m'gulu la amene anakutsogolerani ku dipatimenti yanu. Ngati kulibe, liyambitseni inuyo, mupemphe lekichala mmodzi akupatseni manambala a ophunzira ake akale awiri kapena atatu, enawo abwera okha.

Kachinthu kena kamene ophunzira amakapeputsa ndi sitetasi. Imangokhala maola 24, koma imaonedwa ndi aliyense amene munasungirana naye nambala: bwana amene ankakuyang'anirani ku atachimenti, mkulu wa mpingo, mnzawo wa bambo anu amene amagwira ku banki. Anthu amenewa sangakuthandizeni ngati sakudziwa kuti mwamaliza liti ndipo mumatha chiyani. Kungolemba kuti mwamaliza digiri ya zakutizakuti, kafukufuku wanu anali wa zakuti, ndipo mukusaka poyambira, si kudzichotsa ulemu.

Facebook: potsimikizira, komanso pomwe amakuonerani

Facebook inayambira ku Harvard mu 2004 ngati tsamba la ophunzira a ku koleji, koma kwathu kuno ndi bwalo la mudzi wonse: maliro, ndale, mpira wa Bullets ndi Wanderers, malonda a kaunjika, zonse pamodzi. Pa nkhani ya ntchito ili ndi ubwino umodzi umene WhatsApp ilibe, woti mumatha kuona gwero. Maunduna, makhonsolo, mabanki ndi mabungwe ambiri ali ndi masamba awoawo. Ntchito yoikidwa pa tsamba lenileni la bungwe, limene lakhalapo zaka zambiri ndipo lili ndi nkhani zina za bungwelo, mutha kuikhulupirira kuposa chithunzi chongoyendayenda. Facebook imaonetsa tsiku limene tsamba linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina. Mukapeza kuti tsamba lolengeza ntchito 200 latsegulidwa mwezi watha, kapena kale linali logulitsa nsapato, musapitirire.

Koma ndi pa Facebook pomwepo pamene pali misampha yoopsa kuposa kuberedwa ndalama. Mu 2024 a BBC anaulula za amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena atakopedwa kudzera pa Facebook, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Anapulumukiranso pa foni yomweyo: Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, anatsegula gulu la WhatsApp limene amayiwo ankalumikizanapo, ndipo oposa 50 anabwerera kumudzi. Chaka chomwecho a bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press analemba za atsikana a m'mayiko angapo a mu Africa amene anakopedwa pa masamba a mchezo ndi lonjezo la sukulu ndi ntchito ku Russia, n'kukathera mu fakitale yopanga ndege zankhondo zouluka zopanda munthu ku Alabuga, m'chigawo cha Tatarstan. Musaganize kuti digiri ikutetezani ku zimenezi. Munthu akakhala pa ulova zaka ziwiri, makolo akumuyang'ana, ang'ono ake akufuna fizi, lonjezo lililonse la ndege limamveka ngati yankho la pemphero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yakunja ikabwera, pitani nokha ku ofesi ya Unduna wa Zantchito mukafunse za amene akukulembaniyo, muone kontirakiti musanapereke pasipoti kwa aliyense, ndipo achibale adziwe dzina la kampani ndi malo enieni amene mukupita.

Nkhope yachiwiri ya Facebook ndi yoti inunso mumaonekera. Ku America, kafukufuku wa kampani ya CareerBuilder wa 2018 anapeza kuti olemba ntchito 70 pa 100 aliwonse amayang'ana masamba a mchezo a ofunsira ntchito. Mu 2017 Harvard inalanda malo ophunzira osachepera 10 amene inali itawasankha kale, chifukwa cha zithunzi ndi mawu onyansa amene ankatumizirana m'gulu la pa Facebook. Kuyambira mu June 2025, ofunsira viza yokaphunzira ku America amauzidwa kuti atsegule masamba awo kuti aliyense athe kuwaona. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yapafupi kwambiri chifukwa dziko ndi laling'ono. Mwa anthu asanu okhala pa intavyu, si zachilendo kuti mmodzi ali ndi mnzake amene ndi mnzanu pa Facebook. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pa intaneti mlomo umakhala zaka khumi uli pomwepo.

Apa ndisamveke molakwika. Sindikuti wophunzira akhale duu pa nkhani za dziko lake, kapena abise kuti amakonda mpira ndi nyimbo. Wophunzira za chuma amene analemba mofatsa za mmene kutsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakhudzira mitengo kwawo, wadzionetsa kuti amaganiza. Zimene zimagwetsa anthu ndi kutukwana, kunyoza mtundu wa anthu ena kapena amayi, kuulula za m'kati mwa ofesi imene munachitirako atachimenti, ndi kufalitsa mphekesera za anthu. Zina mwa izi zimafika mpaka ku polisi, pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Pezani tsiku limodzi mubwerere m'mbuyo mpaka pamene munali Folomu 3, mufufute zimene simungafune kuti ziwerengedwe mokweza m'chipinda cha intavyu.

LinkedIn: imene ambiri amaithawa

Ophunzira ambiri amene ndacheza nawo amaiopa LinkedIn. Chingerezi chake ndi cha mu ofesi, anthu ake amaoneka ngati onse zinawayendera kale, ndipo nthawi zambiri imafuna bandulo ya intaneti wamba, osati yotsika mtengo ija. Komabe ndi tsamba lokhalo pa onsewa limene linapangidwira ntchito kuyambira pamene linatsegulidwa mu 2003, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa pali zifukwa zomveka.

Mu 1973, Mark Granovetter, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu wa ku America, anafotokoza chinthu chimene poyamba chimamveka chokhota. Mwa anthu amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina, ambiri anaimva kwa munthu amene amangoonana naye mwa apo ndi apo, osati kwa bwenzi la ponda apa nane mpondepo. Chifukwa chake n'chosavuta. Anzanu apamtima amadziwa zomwe inu mukudziwa kale: mumagona hositelo imodzi, muli m'magulu omwewo, mukusaka ntchito zomwezo. Nkhani yatsopano imachokera kwa munthu wa bwalo lina. Makolo athu ankadziwa zimenezi pamene ankati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu 2022 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa anthu 20 miliyoni a pa LinkedIn, wa zaka zisanu, ndipo anatsimikiza mfundo yomweyi ndi kuonjezerapo kanthu kena: othandiza kwambiri si apamtima, komanso si alendo otheratu, koma amene muli nawo anzanu angapo ofanana. Kwa inu ameneyu ndi ndani? Ndi amene anamaliza kosi yanu inu muli chaka choyamba. Ndi mayi uja anabwera kudzayankhula ku dipatimenti kamodzi. Ndi amene munakhala naye desiki imodzi masabata 6 ku atachimenti.

Pafupi ndi kwathu, ku South Africa, ofufuza anagwira ntchito ndi bungwe la Harambee Youth Employment Accelerator, limene limakonzekeretsa achinyamata osowa ntchito. Magulu ena anangoonjezeredwa maphunziro a maola ochepa a mmene angatsegulire ndi kugwiritsa ntchito LinkedIn. Pomaliza, opeza ntchito anakwera kuchoka pa 70 kufika pa 77 pa 100 aliwonse. Amenewa sanali ana a anthu olemera. Anali achinyamata opanda wowalankhulira, ndipo tsambalo linapatsa olemba ntchito poonera kuti munthuyu alipodi ndipo anaphunzira zimene akunena.

Koma LinkedIn si ya aliyense mofanana. Imagwira bwino kwa a zamakompyuta, zowerengera ndalama, uinjiniya, kafukufuku, zaumoyo wa anthu ndi ofuna ntchito m'mabanki kapena m'mabungwe akunja. Mphunzitsi amene akudikira kuti boma limutumize ku sukulu ya ku Ntchisi sapindula nayo kwambiri. Komanso msika wa mabungwe unachepa kuyambira mu January 2025 pamene boma la America linaimitsa thandizo lakunja, bungwe lake lopereka thandizolo la USAID n'kudzatsekedwa pambuyo pake. Anthu odziwa ntchito amene anali m'mapulojekiti aja tsopano akulimbirana malo omwewo ndi inu omaliza kumene. Ichi n'chifukwa chake tsamba lopanda kanthu, lokhala ndi dzina ndi chithunzi cha pa ukwati basi, silikuthandizani. Lembanipo mutu wa kafukufuku wanu ndi zimene munapeza. Lembanipo zimene munachita ndi manja anu ku atachimenti: munayeza nthaka, munalowetsa malisiti, munafunsa mabanja angati m'midzi ingati. Ndipo mukamalembera munthu, musati "ndithandizeni ntchito iliyonse". Uthenga wotero umamuika munthu pa mavuto, ndiye amangoti zii. Mufunseni funso limene angayankhe pa mphindi ziwiri: kuti iye analowa bwanji, kuti ku ofesi kwawo amatenga liti ophunzira, kuti pa mapulogalamu awiri a pa kompyuta muyambe kuphunzira iti.

Pali chilema chimodzi pa njira zonse zodalira kudziwana, ndipo umboni wake unachokera kuno komwe. Ofufuza atatu, Lori Beaman, Niall Keleher ndi Jeremy Magruder, anachita kafukufuku ku Malawi polemba anthu ntchito yofunsa mafunso m'madera, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2018. Anapeza kuti amuna akauzidwa kuti abweretse munthu woyenera, ambiri ankabweretsa amuna anzawo, ngakhale kuti atauzidwa mwachindunji kuti abweretse mkazi, ankatha kupeza akazi odziwa bwino ntchito. Achemwali, musakhale pansi kudikira kuti wina akukumbukirani. Nenani poyera kuti mukufuna akutchuleni, ndipo ntchito zolengezedwa poyera muzifunsira zonse zokuyenerani. Ndipo inu achimwene amene muli kale pa ntchito, bwana akati tipezereni munthu, kumbukirani kuti m'kalasi mwanu munali atsikana amene ankakuposani.

X, TikTok ndi Instagram

Apa sindichedwapo. X, imene inkatchedwa Twitter mpaka mu 2023, ili ndi Amalawi ochepa poyerekeza ndi Facebook, koma pakati pawo pali atolankhani, maloya, a zamakompyuta ndi a zachuma. Ngati mukulowera kumeneko, khalanipo, muziwerenga kwambiri kuposa kulemba. TikTok ndi Instagram zimadya bandulo koopsa, ndipo kawirikawiri zimabweretsa makasitomala osati bwana. Kwa wojambula, wosoka, wokonza makanema kapena wophika makeke, zimenezo n'zokwanira, mwinanso kuposa kulembedwa. Kwa wowerengera ndalama, ndi malo opumulirako basi.

Nyuzipepala ndi phazi

Njira yakale sinafe. Boma, makampani ake monga ESCOM ndi mabodi a madzi, mabanki ndi mayunivesite amalengezabe mu The Nation ndi The Daily Times, ndipo zambiri zimene mumaziona pa WhatsApp ndi zithunzi za masamba omwewo. Ku laibulale ya koleji ndi ku National Library mutha kuwerenga nyuzi zimenezi osagula, muone chilengezo chathunthu, tsiku lake ndi adiresi yake yeniyeni. Za mabungwe othandiza anthu, tsamba la pa intaneti la ReliefWeb, limene limayendetsedwa ndi ofesi ya United Nations, ndi gwero lodalirika. Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi, imene inayamba mu 2018, nayo muziitsatira kuchokera ku unduna weniweniwo, chifukwa dzina lake akuba amalikonda.

Ndiye pali ntchito zimene sizilengezedwa konse. Kampani yaing'ono ya ku Kanengo, ku Makata kapena ku Luwinga, sukulu ya pulayiveti, famase, esiteti ya tiyi ku Mulanje: malo otere munthu akachoka Lachisanu, mwini wake amatsegula kabati n'kuona makalata amene alimo, kapena amafunsa antchito ake. Envelopu ya khaki imadula, pali fotokope, pali minibasi, pali nsapato zimene zikutha. Koma ndi njira yokhayo imene mlembi wa pa ofesi amaona nkhope yanu ndi mmene mwaperekera moni. Musamwaze makalata tauni yonse. Sankhani malo khumi ogwirizana ndi kosi yanu, mudziwe kaye zimene amachita, apa foni ikuthandizani, kenako mupite.

Ndalama zikakhala zochepa

Ophunzira ambiri sangakwanitse zonse nthawi imodzi, ndiye kusankha kumatengera kosi ndi thumba. Namwino, dokotala kapena mphunzitsi aike mtima pa kulembetsa ku khonsolo ya ntchito yake, monga Nurses and Midwives Council kapena Medical Council of Malawi, pa zolengeza za makomishoni a boma ndi za zipatala za mishoni za CHAM, ndi pa gulu la WhatsApp la anzake a kosi. Wa zamakompyuta, zachuma kapena uinjiniya apatule bandulo imodzi pa sabata ya LinkedIn, ngakhale zitatanthauza kusiya makanema a TikTok. Wa luso la manja aonetse ntchito zake pa sitetasi ndi pa Facebook, kumene kuli ogula. Koma aliyense, chimene wamva pa WhatsApp akachitsimikize kwa eni ake asanatumize chikalata chilichonse.

Mwana wa achemwali anga uja tsiku lomwelo anatuluka m'magulu 11, n'kutsala ndi atatu. Tinalemba mayina a anthu 15 amene amamudziwa pang'ono chabe, ndipo anayamba kuwalembera awiri pa sabata. Ambiri sanayankhe, ndipo mwezi wachiwiri anandiimbira atakhumudwa. Patatha miyezi inayi, mayi wina amene anamuyang'anira masabata ochepa ku atachimenti anamutumizira uthenga kuti pulojekiti ina ikufuna anthu osonkhanitsa mayankho kwa alimi. Analemba mayeso pamodzi ndi anzake ambiri, anakhoza. Ndi kontirakiti ya miyezi 6 yokha, ndipo itha mvula isanagwe. Lamlungu lililonse madzulo amatsegula LinkedIn, n'kulembapo midzi imene wayendamo sabata imeneyo ndi pulogalamu ya pa tabuleti imene waphunzira.